Funso la pa mlaga

Lachitatu usiku

Nyali ndazimitsa kawiri koma tulo sitikubwera, chifukwa cha funso limene mnyamata wina wafunsa pa mlaga madzulo ano. Timawerenga Yohane 2, pamene Yesu akuthamangitsa amalonda m'Kachisi, ndipo iye anatsegula Marko 11 n'kufunsa mwaulemu chifukwa chimene Yohane anaikira nkhaniyi kuchiyambi kwa utumiki wa Yesu, pomwe Marko anaiika m'sabata yomaliza. Anayankhidwa mwachidule kuti zinachitika kawiri, kenaka tinaimba nyimbo yotsekera. Ndinamuona akupinda kapepala kake n'kukabisa m'thumba la malaya.

Pobwerera ndinatsagana ndi agogo ena amene anaphunzitsapo sukulu zaka zambiri. Tili pansi pa mtengo wa mango anaima nati, "Mwana wanga, funso lija ndi lakale kuposa mpingo wathu." Anandikumbutsa za Papias, bishopu wa ku Hierapolis wa m'zaka za m'ma 100, amene ananena kuti Marko analemba molondola zimene anamva kwa Petro, koma osati motsatira ndondomeko ya zochitikazo. Anatchulanso Origen, mphunzitsi wachikhristu wa ku Alexandria, wa m'zaka za m'ma 200, amene anaona kusiyana komweku pa nkhani ya m'Kachisi, navomereza poyera kuti alembi ena a Uthenga Wabwino ankasuntha zochitika pofuna kuphunzitsa choonadi chauzimu.

Ine ndinakana, mwina mokweza mawu kuposa mmene ndimayenera kuyankhulira ndi munthu wamkulu. Ndinati Luka akunena kuti anafufuza zonse mosamala kwa mboni zoona ndi maso, ndipo akutchula chaka cha 15 cha ufumu wa Tiberio pamodzi ndi Pilato, amene dzina lake linapezeka pa mwala ku Caesarea mu 1961. Paulo nayenso akuuza Akorinto za abale oposa 500 amene anaona Ambuye atauka, ambiri a iwo akadali moyo. Munthu wopeka nthano satchula mboni zoti anthu angakazifunse.

Agogo anangogwedeza mutu nati zonsezo akugwirizana nazo, kuti Akhristu oyamba ankakhulupirira kuti imfa ndi kuuka zinachitikadi, koma sankawerenga Uthenga Wabwino ngati kaundula wa kukhoti.

Chimene chikundiwawa tsopano ndi kapepala kaja. Ndikuganiza kuti panali mafunso enanso, ndipo ine ndinali pa benchi lomwelo, Baibulo lili chitsegulire pamiyendo, koma sindinanene kanthu.