Zikomo nonse amene munatigwira mkono pa matenda a amuna anga

Abale ndi alongo, amuna anga atuluka m'chipatala cha Churchill ku Oxford, kuno ku England, ali ndi impso ndi kapamba zatsopano. Chichitireni opaleshoni sanadzibayenso insulini. Munthu amene anayamba kudzibaya ali pa sekondale ku Zomba, lero akudya nsima osayamba ayeza shuga ndi mantha. Ambiri mwakhala mukuimba foni ine n'kumangolira, ndiye ndati ndilembe pano kuti zikomo wanga akufikeni nonse.

Shuga ndi amene anawononga impso zawo, pang'onopang'ono, mpaka anayamba kupita ku makina osefa magazi katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse. Madzi akumwa ankachita kuyeza m'kapu. Nthochi, mbatata ndi tomato tinazichotsa pakhomo. Pobwera kumeneko ankangofikira kugona, nkhope itagwa, mkono uli ndi mabandeji pamene palowa masingano. Amene munawaona nthawi imeneyo mukudziwa.

Ndithokoze madokotala poyamba. Anatikhazika pansi n'kutifotokozera mosabisa kuti impso yokha ikhoza kudzawonongekanso ndi shuga yemweyo, n'chifukwa chake ndi bwino kuika ndi kapamba nthawi imodzi, popeza ndi amene amapanga insulini. Anatiuzanso kuti opaleshoniyi ndi yaikulu kuposa ya impso yokha ndipo ili ndi zoopsa zake. Impso zakale sanazichotse ayi, zatsopanozi anaziika m'munsi mwa mimba. Ntchito imeneyi yachokera kutali. Oyamba kuichita anali William Kelly ndi Richard Lillehei ku Minnesota, ku America, mu 1966, ndipo wodwala wawo sanakhalitse. Lero kuli mankhwala ngati tacrolimus oletsa thupi kukana chiwalo chachilendo, ndipo anthu akubwerera kuntchito.

Koma anamwino, ine ndilibe nawo mawu. Usiku woyamba mapaipi anali paliponse, amuna anga pakamwa pouma, kumwa madzi asanaloledwe. Namwino wina ankabwera ndi kasiponji konyowa n'kumawapukuta milomo, akuwalankhula mofatsa ngakhale iwo samayankha. Ankayeza mkodzo ola lililonse, n'kumandionetsa kachikwama kakudzaza kuti ndione ndi maso anga kuti impso yayamba ntchito. Sindinkadziwa kuti munthu angagwade n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha mkodzo, koma ine ndinagwada. Wa ku famase nayenso anakhala nafe mpaka titamvetsa kuti mankhwala aja n'ngakumwa pa nthawi yake, m'mawa ndi madzulo, moyo wonse, osadumphitsa.

Pali banja lina limene sitilidziwa, ndipo mwina sitidzalidziwa. Tsiku limene ife tinalandira foni yoti tithamangire kuchipatala, iwo anali pamaliro. Ali m'kati mwa chisoni chotero anavomera kuti ziwalo za m'bale wawo zithandize anthu achilendo. Talemba kalata imene achipatala akaipereke popanda maina. Inu a banja limenelo, kulikonse kumene muli, Ambuye akupukuteni misozi. M'bale wanuyo timamupempherera ngati wathu.

Amayi a mvano a mpingo wathu, zikomo chifukwa cha phala ndi kutisungira ana. Alamu anga, mafuta a galimoto yanu sitingawabweze. Apongozi ku Zomba, kusala kudya kwanu Mulungu wakuona. Anzanga kuntchito amene munkandigwirira mashifiti osadandaula, zikomo kwambiri.

Mtima wanga uli ndi anzathu amene akusefedwa magazi ku Queens ndi ku Kamuzu Central, amene kuti alandire impso ayenera kupeza wopereka komanso njira yopitira kunja, kawirikawiri ku India. Tisawaiwale. Ndipo ife okhala kuno, anthu akuda timadikira impso nthawi yaitali kuposa azungu, chifukwa opereka a mtundu wathu ndi ochepa pomwe magazi ndi thupi ziyenera kugwirizana. Kuyambira 2020 lamulo ku England limaona munthu wamkulu ngati wavomera kupereka ziwalo pokhapokha atakana, komabe achibale amafunsidwa. Chonde kambiranani kunyumba mudakali bwino, achibale adziwiretu maganizo anu.

Ofuna kudzazonda, tiimbireni kaye. Chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika kwambiri miyezi yoyambirirayi, ndiye amene ali ndi chimfine kapena chifuwa adikire kaye achire.