Sabata yomwe chitedze chinandichititsa manyazi

Lolemba tinali m'munda wachitsanzo kuno ku Mulanje, kukolola kalongonda amene tinadzala pakati pa mizere ya chimanga. Mkamwini wina wochokera kuchigawo chapakati anaima patali, manja kumbuyo. "Alangizi, chimenechi si chitedze?"

Anzake anamuseka, koma sanaphonye kwenikweni. Kalongonda ndi chitedze ndi mbewu imodzi, yomwe asayansi amaitcha Mucuna pruriens. Zonse zimayanga, masamba ake amakhala atatuatatu, maluwa amalendewera m'magulu, ndipo mizu yake ili ndi timatuza tobwezeretsa nayitirojeni, chakudya cha mbewu, m'nthaka. Kusiyana kuli pa makoko. A kalongonda ali ndi ubweya wofewa, pomwe a chitedze, chomwe chimamera chokha m'mabango ndi m'zitsamba za m'mbali mwa mitsinje, ali ndi ubweya wofiirira umene umathothoka msanga ukauma.

Lachiwiri ndinati ndikathyole khoko limodzi kudambo kuti alimi adzaone okha. Ndinavala pulasitiki m'manja, ndikudziona wochenjera. Mwera ndinauiwala. Nditangogwedeza mtengo umene chinayangako, ubweya unandithira m'khosi ndi m'malaya. Ndinavula shati pamaso pa amayi otunga madzi, ulangizi wonse uli pansi. Gogo wina anandiletsa kukanda, nanditikita ndi phulusa akuseka. "Mwanawe, chitedze sathyola masana kuli mphepo." Kuyabwako kumachokera ku mucunain, mankhwala amene ali mu ubweyawo, ndipo kukanda kumangoulowetsa m'khungu.

Lachitatu linapita ndi msonkhano wa kuofesi.

Lachinayi ndinabwerera kwa gogo uja, ndipo ndinawapeza akuphika kalongonda monga Alhomwe amachitira kuyambira kale. Amawiritsa, kutaya madzi akudawo, kusenda makungu, kuwiritsanso, kutayanso. Mphika umatha tsiku pamoto, nkhuni zambirimbiri. Wosapsa bwino amaledzeretsa: chizungulire, kusanza, ena kubwebweta kumene. Chochititsa ndi L-dopa wa m'nyembazo, yemwe madokotala amapereka kwa odwala Parkinson, matenda onjenjemeretsa thupi. Ine ndimamudziwa ndi dzina. Gogo amadziwa nthawi yophula pongoyang'ana madzi. Nkhuni zimenezi n'zimene zimagwetsa ulesi alimi ambiri, ngakhale ife alangizi timakonda kungolalikira za chonde.

Lachisanu mkamwini uja anabwera kudzapempha mbewu yodzaza m'chitini, koma anati ndimuthirire ndekha m'thumba. Lipoti la sabata ndinalemba ndikukandabe kumsana.