Kanyumba ka kumchira kwa Lancaster, tsopano ndamvetsa

Mtima wakhala pansi. Nkhani ya Andrew Mynarski, msilikali wa gulu la ndege za nkhondo la Canada la 419 Squadron pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imaoneka ngati ya munthu wongodziponya pamoto, mpaka utadziwa kumene paipi imodzi ya mafuta inkachokera.

Mu Lancaster, ndege yaikulu yoponya mabomba imene Mynarski ankakweramo, kanyumba ka mfuti ka kumchira kankazungulira ndi mafuta a hydraulic, ndipo pampu yake inkayendetsedwa ndi injini yakunja ya phiko lakumanzere. Injiniyo ikazima, kanyumba kankaima pomwepo. Tsono msilikali wa mmenemo sankakhala ndi palachuti yake chifukwa malo anali ochepa. Inkakolekedwa mkati mwa ndege, kuseri kwa zitseko. Kuti athawe ankayenera kuwongola kanyumbako, kutsegula zitseko, kutenga palachuti n'kuikola pachifuwa, kenako kuzunguliza kanyumba chammbali n'kudzigwetsa chagada. Kakaima pakatikati, zitseko zinkayang'ana chitsulo cha ndege, potulukira palibe.

Usiku wa pa 12 June 1944, Mynarski ndi anzake akukaphulitsa njanji ku Cambrai ku France, ndege ya Ajeremani ya Ju 88 inawaombera n'kuzimitsa injini zonse ziwiri zakumanzere. Zakumanzere, mwamva? Kanyumba ka Pat Brophy, msilikali wa mfuti wa kumchira, kanaima, ndipo chopukusira cha pamanja chinathyoka akulimbana nacho. Mynarski anali akupita kukhomo kuti adumphe pomwe anamuona. Anakwawa m'mafuta oyaka, n'kumenya kanyumbako ndi nkhwangwa, koma kanakana. Brophy anamukodola kuti azipita. Mynarski anadumpha zovala ndi palachuti zikuyaka, ndipo anamwalira ndi mabala a moto. Brophy ndiye anapulumuka ndege itagwa pansi. Victoria Cross ya Mynarski, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima pa nkhondo, inalengezedwa mu 1946.

Njira yomvetsera nkhaniyi ndi kujambula basi, zina zonse n'kutaya nthawi. Jambulani ndege chammbali, ikani anthu asanu ndi awiri m'malo mwawo, kenako kokani mzere kuchokera pa aliyense kukafika potulukira. Mupeza kuti mtanda waukulu wa mapiko wadutsa pakati pa ndege, wofunika kuukwera mumdima utavala zovala zokhuthala. Chibowo chothawira chakutsogolo chinali cha mainchesi 22 m'lifupi. Katswiri wa masamu Freeman Dyson anapeza kuti Lancaster ikagwetsedwa ankapulumuka anthu pafupifupi 15 pa 100 alionse, pomwe mu Halifax, ndege ina yoponya mabomba ya chibowo chokulirapo, anali 25. Mzere wa woyendetsa ndege umamaliza nkhani: akasiya chiongolero ndege imapidiguka, anzake n'kukanikizidwira kukhoma, ndiye iye amatuluka pomaliza ngati nthawi yatsala.

Chondiwawa ndi kaphunzitsidwe. Timaloweza kuti pa anthu 125,000 a m'ndege za Bomber Command, nthambi ya Britain ya ndege zoponya mabomba, anafa 55,573, ndiponso kuti aliyense ankayenera kukwanitsa maulendo 30. Koma wotiuza kuti tichulukitse 0.95 maulendo 30 palibe. Ngati ndege 5 pa 100 sizibwerera usiku uliwonse, womaliza onse 30 ndi mmodzi pa asanu. Mphunzitsi akuthamangira kumaliza silabasi, belu lalira.

Pomwe ndikugwedezekabe ndi apa. Anyamata a Bomber Command omwewa ndi amene anatentha mzinda wa Hamburg ku Germany mu July 1943, anthu pafupifupi 40,000 n'kufa. Pachojambula changa mzere wa Mynarski ukuoneka bwinobwino, koma a pansi aja sindinapeze powaika. Kaya zikwanira papepala limodzi, kaya.