Ku Ridgeway tinakamva za kadyedwe ka maselo a khansa

Loweruka lapitali ife a kalabu ya aphunzitsi a sayansi ochokera ku Matero ndi Chawama, anthu 14, tinakwera minibasi kupita ku Ridgeway, kusukulu ya madokotala ya yunivesite ya UNZA pafupi ndi chipatala cha UTH mu Lusaka. Za m'njira sindinena zambiri, tinangochedwa ndi magalimoto m'tauni.

Adokotala amene anatilandira anayamba ndi shuga wa m'magazi. Selo labwinobwino limamuwotcha mpaka kumapeto mu mitochondria, tizigawo ta m'selo topanga mphamvu, pogwiritsa ntchito okosijeni, n'kupeza ATP (timitolo ta mphamvu) pafupifupi 30. Selo la khansa nthawi zambiri limangomuswa pakati, kupeza ATP 2 yokha, kenako n'kutaya lactic acid, asidi yemwe uja amasasitsa mabisi. Limatero ngakhale okosijeni alipo wokwanira. Izi anaziona Otto Warburg wa ku Germany m'zaka za m'ma 1920, ndipo ankaganiza kuti mitochondria a maselowa ndi owonongeka. Lero zikudziwika kuti m'khansa zambiri amagwirabe ntchito.

Ine ndinafunsa kuti nanga kusakaza koteroko n'kwa chiyani? Anati selo lomwe likugawikana usana ndi usiku silisowa nkhuni zokha, limasowanso njerwa. Zidutswa za shuga wosapsa uja n'zimene limamangira mafuta ndi DNA ya maselo atsopano. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa glycolysis, kuswa shuga pakati kuja, ngati mndandanda woloweza pamtima, osadziwa kuti makina ojambula m'thupi a PET amapeza chotupa pa dyera lomweli: wodwala amamubaya shuga wokhala ndi chizindikiro, ndipo pomwe waunjikana pamawala.

Apa mayi wina wa gulu lathu anadzutsa dzanja: "Adokotala, ndiye wodwala asiye nsima ndi shuga kuti chotupa chife ndi njala?" Anapukusa mutu. Anati ubongo nawonso umadalira shuga yemweyo, ndipo munthu akasiya kudya, chiwindi chimamupanga kuchokera ku minofu ya munthuyo. Woonda amakhala wodwalayo, pa nthawi imene akufunika mphamvu zopirira mankhwala.

Pobwerera tinadutsa pa Cancer Diseases Hospital, yomwe inatsegulidwa mu 2007. Anzanga ankakangana za nkhomaliro, koma ine mtima unali pa azakhali anga aku Chipata, amene atadwala khansa tinawamana nsima miyezi itatu chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp.