"Ayi" amene sanatuluke pakamwa

Munthu akafunsa mnzake kuti, "Kodi ubwera kumsonkhano mawa?" mnzakeyo n'kuyankha kuti, "Mwana wanga akudwala," wofunsayo safunsanso kachiwiri. Wamva kuti mnzake sabwera. Komatu m'yankhomo mulibe "ayi", mulibe msonkhano, mulibenso mawa. Masiku ano ndakhala ndikuphunzira za kumene "ayi" ameneyu amachokera, ndipo nkhaniyi yandigwira mtima kwambiri.

Amene anaifotokoza mwadongosolo ndi Paul Grice, katswiri wa filosofi wa ku Britain, m'nkhani zimene anakamba pa yunivesite ya Harvard mu 1967. Gawo lonena za macheza linasindikizidwa mu 1975, ndipo tanthauzo lobisikali analitcha implicature. Iye anati anthu akamacheza, aliyense amakhulupirira kuti mnzake akuthandizana naye kuti machezawo afike penapake. Choncho timayembekezera kuti mnzathu anena zoona, zokwanira bwino, zogwirizana ndi nkhani imene ili pakamwa, komanso momveka. Yankho likaoneka ngati lapatuka, sitithamangira kuganiza kuti munthuyo wasokonezeka mutu. Timadzifunsa kuti, "Funso langa walimva, nanga watchuliranji mwana?" Mosakhalitsa tapeza kuti kholo silisiya mwana ali gone n'kupita kumsonkhano. Ndiye kuti tanthauzolo walimanga ndi womvera, pogwiritsa ntchito zimene awiriwa akudziwa kale.

Chitsanzo cha Grice chimene sindikuchiiwala ndi cha kalata. Mphunzitsi wapemphedwa kuchitira umboni wophunzira wake amene akufuna ntchito ya filosofi, ndipo wangolemba kuti mnyamatayu amadziwa bwino Chingerezi komanso sankajomba m'kalasi. Basi, n'kusaina. Mulibe mawu onyoza ngakhale amodzi, zonse ndi zoyamikira. Koma wowerenga kalatayo akudziwa kuti mphunzitsiyu akumudziwa bwino mwana wake wa sukulu, akudziwanso chimene chikufunika, ndipo wasankha dala kusachitchula. Kufupika kwa kalatayo ndi kumene kwanena kuti mnyamatayu filosofi sakuitha. Ndinakhala kaye phee nditawerenga zimenezi, chifukwa ndinaona kuti munthu angathe kutsekeredwa mwayi wa ntchito ndi kalata imene mawu ake onse ndi oona.

Pali njira yosavuta yosiyanitsira chimene munthu wanena ndi chimene wangotanthauza: chotanthauzidwacho chimatheka kuchibweza popanda kudzitsutsa. Wina akati, "Ndawerenga ena mwa mabukuwa," timamva kuti sanawerenge onse. Koma akhoza kuwonjezera kuti, "ndipotu ndamaliza onse," ndipo palibe angamunene kuti wanama. Kholo lija nalo likhoza kunena kuti, "koma ndibwerabe, amayi ake alipo."

Apa ndi pamene mtima wanga wagawanika. Kuzungulira kotere nthawi zambiri ndi chifundo. Wokana sakufuna kuchititsa mnzake manyazi, ndipo akumupatsa chifukwa chenicheni m'malo momuponyera "ayi" wouma. Penelope Brown ndi Stephen Levinson, amene analemba za ulemu m'kalankhulidwe mu 1978, anaika kuyankha mophiphiritsa pakati pa njira zotetezera ulemu wa mnzako. Koma khomo lomwelo ndi limene amathawirapo munthu wachinyengo. Amasanja mawu oona kuti mnzake amve zabodza, ndipo zikavuta amati, "Ine sindinanene zimenezo." N'zoona sananene. Kwa ine mlandu ali nawobe, chifukwa ankadziwa chimene mnzakeyo adzamve, ndipo anadalira chikhulupiriro chake kuti amusocheretse.

Chinanso chimene chandithandiza ndi kafukufuku wa Elinor Ochs Keenan, wofalitsidwa mu 1976, wa anthu a m'midzi ya ku Madagascar. Anapeza kuti kumeneko munthu amatha kuyankha moperewera dala ngakhale yankho lonse akulidziwa, mwina chifukwa nkhani yatsopano ndi chinthu chamtengo wapatali chosangogawa wamba, mwinanso poopa kudzasenza mlandu wa mawu ake. Wina akafunsa kumene kuli munthu, n'kuuzidwa kuti ali m'nyumba kapena kumsika, womverayo saganiza kuti woyankhayo sakudziwa, pamene kwina yankho lomwelo lingamveke ngati kuvomereza kuti sakudziwa.