Chitini chosokoneza radar nachonso chimayesedwa pamphepo

Anzanga a ku Nchalo, inu amene mumati nkhani za ndege zikungondithera bandulo, tamvani iyi.

Ndege yankhondo ya ku America, EA-18G Growler, imanyamula zitini zazitali kunsi kwa mapiko, zotchedwa ALQ-99. Si mabomba ayi, ntchito yake ndi kusokoneza radar ya adani, chida chomwe amaonera ndege zikadali patali. Kumphuno kwa chitini chilichonse kuli kafani kakang'ono, mphepo ikamakazunguza ndiye kamapanga magetsi a chitinicho. Nzeru zimenezo ine zandigometsa.

Koma chinthu chotere sangochipachika pandege. Mainjiniya amayamba ayika kachifaniziro kake mu wind tunnel, momwe amapemereramo chimphepo champhamvu. Amaona ngati chikukokera ndege m'mbuyo, ngati phiko likunjenjemera, komanso ngati chingagwe osamenya ndegeyo woyendetsa akachitaya zinthu zitavuta. Wakabaza amene ananyamulapo malata pamsewu wa ku Bangula mwera ukuwomba akudziwa zomwe ndikunenazi. Zikatheka apo, ndi pomwe amakachiyesa mumlengalenga.

Vuto lina ndi kutentha, zida zimenezi zimafuna kuziziritsidwa nthawi zonse. Akanabwera nazo kuno ku Chigwa mu Okutobala, tione ngati zingapirire!