Tsiku lomwe paipi inatilirira

Inu amene munatsala Loweruka lija, pa ulendo wathu wokaona labu yofufuza mmene kutentha kumasandukira phokoso, munaphonya zambiri. Tinanyamuka anthu 11 pa sitima ya m'mamawa, a Tcheya atakumbatira chidebe cha nsima ngati khanda. Ndiwo zinali m'manja mwa a Msungichuma. Titasintha sitima ku Sheffield, mzinda wa ku England, tinazindikira kuti poto wa nkhuku wapitirira yekha ulendo. Mkangano wake! A Msungichuma akuti anapatsira achimwene a ku Ntcheu, achimwenewo akulumbira kuti anangonyamula mbale. Mayi Mlembi ndi amene anazimitsa motowo pogula nsomba zam'chitini.

Ku labu anayamba kutionetsa paipi ya Rijke, yomwe Pieter Rijke anaitulukira mu 1859. Ndi paipi wamba yokhala ndi kasefa ka waya chakumunsi. Atatenthetsa kasefako n'kuchotsa moto, inalira ngati ng'ombe yosowa mwana wake. Achemwali a ku Dedza ataigoneka inangoti zii, iwo n'kuyamba kupepesa poganiza kuti aiwononga. Ataiimika inaliranso, chifukwa mpweya wotentha unayambanso kukwera.

Mofanana ndi paipiyo, makina otchedwa thermoacoustic amasandutsa kutentha kukhala phokoso, phokosolo n'kupanga magetsi kapena kuziziritsa zinthu. Mkati mwake mpweya umangopita uku ndi uku pakati pa timapuleti tothithikana, ndipo kulowetsamo choyezera kumausokoneza. N'chifukwa chake amayeza ndi kuwala. Pa njira ya PIV amapoperamo timadontho ta mafuta a olivi, laser yobiriwira imathwanima kawiri motsatizana, kamera imajambula, kompyuta n'kuwerengera mtunda womwe timadonthoto tayenda. Kutentha amayeza ndi PLIF: nthunzi ya acetone, yemwe uja amachotsera penti wa zikhadabo, imawala ikawombedwa ndi laser ya UV (kuwala kosaoneka ndi maso), ndipo kuwalako kumasintha malinga ndi kutentha.

Atazimitsa magetsi, tonse titavala magalasi otetezera maso, ndinaona pa sikirini timakamvuluvulu tikubadwa kumapeto kwa mapuleti, kenako n'kuyamwidwanso. Mtima wanga unagunda. Zaka zonsezi ndinkangoziwerenga m'mabuku.

A Tcheya anafunsa za mbaula ya SCORE, ntchito yomwe University of Nottingham inatsogolera kuyambira 2007, yoti moto wophikira uzipanganso magetsi. Apa tonse tinayamba kukamba za makhitchini a kwathu, mpaka nsima inazizira.

Zikomo Mayi Mlembi chifukwa cha nsomba, zikomonso otilandira podya nafe ndi manja. A Msungichuma, komiti yagamula: nkhuku ziwiri pa msonkhano wa mwezi wamawa.